Usiku mu wodi ya ana nyengo ya malungo: malangizo kwa namwino amene wangoyamba ntchito

Mvula ikakhazikika, kuyambira Januwale mpaka cha mu Epulo, mawodi a ana mu Blantyre amadzaza. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumafika ana otumizidwa kuchokera ku Ndirande, Bangwe, Limbe, Zingwangwa, Chilomoni ndi madera ena, ambiri ali ndi malungo, ena chibayo, ena kutsekula m'mimba, ena zonsezi pamodzi. Masana maso amakhala ambiri: madokotala, ophunzira, achibale obwera kudzazonda. Usiku mumatsala anamwino owerengeka. Ndipo mwana amene amatayika usiku kawirikawiri si uja anafika akuphupha aliyense n'kumuthamangira. Ndi uja madzulo ananenedwa kuti ali bwinoko, n'kumafooka pang'onopang'ono pabedi la kukona, mayi ake atagonja ndi tulo. Malangizo awa ndi okuthandizani kumupeza mwana ameneyo nthawi ikadalipo. Milingo ya mankhwala yomwe tatchula muno ndi yodziwika m'ndondomeko zosamalira ana, koma mankhwala aliwonse muziwapereka motsatira zomwe dokotala walemba ndi tchati ya pawodi panu.

Musanalandire wodi

Fikani kukadali mphindi 20 kapena 30. Pali zinthu zomwe mukazindikira 2 koloko usiku kuti palibe, mulibenso kokazitenga. Zigwireni ndi manja anu, musamangofunsa. Tengani ambu bag ya ana, thumba lopopera mpweya mwana akasiya kupuma, tsekani potulukira mpweya ndi chikhatho, ifinyeni. Ikafwamphuka mosavuta ndiye kuti ikutaya mpweya penapake. Onani kuti mamasiki ake alipo a misinkhu yosiyana. Yatsani makina a suction, okokera malovu ndi mamina, mumve ngati akukoka. Werengani timapepala ta glucometer, kachipangizo koyezera shuga. Onani dextrose (shuga wa mu mtsempha), madzi osungunulira mankhwala, diazepam (woletsa kuphupha), artesunate (jakisoni wa malungo aakulu) pamodzi ndi timabotolo take ta sodium bicarbonate, makanyula achikasu a 24 ndi abuluu a 22, ndi sikelo. Concentrator iliyonse, makina opereka okisijeni oyendera magetsi, iyatseni, muone kampira kakukwera mpaka pati, muonenso sefa yake ngati yadzaza fumbi. Dziwani pomwe pali silinda ya okisijeni, yatsala ndi wochuluka bwanji, ndi pomwe pali chotsegulira chake. Tochi ikhale m'thumba mwanu, ndipo nambala ya dokotala wa usikuwo ndi ya ku labu zikhale kale m'foni.

Lipoti mulandirire pabedi la mwana, osati padesiki. Mawu akuti "ali bwino" si lipoti. Pa mwana aliyense mufunika kudziwa kulemera kwake, matenda ake, nthawi yomwe analandira artesunate womaliza, shuga wake womaliza, PCV yake (muyeso wa kuchuluka kwa magazi), tsiku lomwe kanyula inaikidwa, ndiponso ngati wadya kapena kuyamwa. Kenako funsani amene akuweruka funso limodzi ili: "Ndi ana ati amene akukudetsani nkhawa kwambiri?" Anawo asunthireni pafupi ndi desiki, pamene pali kuwala ndi okisijeni, ngakhale zitanthauze kusinthanitsa mabedi. Ntchito ya mphindi khumi imeneyi imapindulitsa usiku wonse.

Mukatero lankhulani ndi magadiyani. Mu wodi ya mabedi ambiri, mayi wa mwana ndiye maso anu achiwiri, koma amayi ambiri amachita manyazi, ena amaopa kukalipiridwa, ndiye amangokhala chete n'kumadikira kuti anesi adutse okha. Imani pakati pa wodi, mudzidziwitse, munene zomveka: "Amayi, agogo, ine ndine namwino wa usiku uno. Mwana akayamba kupuma mothamanga kapena mobanika, akaphupha ngakhale kachala kokha, akasiya kuyamwa, akazizira manja, kapena mukaona diripi yasiya kudontha kapena dzanja latupa, mubwere mundiitane nthawi yomweyo. Ngakhale mundipeze ndikulemba, musaope." Onjezerani kuti asamakhudze kagudumu ka diripi. Kwa mwana watsopano funsani modekha: "Kunyumba anamwako chiyani, kaya a kugolosale, kaya achikuda?" Mukafunsa ndi nkhope yoweruza, yankho lidzakhala loti sanamwe kalikonse.

Kuzungulira koyamba: onani, gwirani, werengani

Yambani ndi kapumidwe, mwana asanadzidzimuke ndi kulira. Pemphani mayi avundukule chitenje pachifuwa, inu muwerenge kwa mphindi yathunthu. Kuwerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi kumanyenga, chifukwa ana aang'ono amapuma modukizadukiza. Mwana wosakwana miyezi 2 akupuma mothamanga ngati wafika 60 pa mphindi; wa miyezi 2 mpaka 11, ndi 50; wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndi 40. Onani ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati pamene akukoka mpweya, ngati mphuno zikutukumuka, ngati mutu ukugwedera ndi kupuma kulikonse. Palinso kapumidwe kena komwe atsopano amakaphonya chifukwa kalibe phokoso: mwana amapuma mozama kwambiri ngati wangochoka kothamanga, chifuwa chili choyera. Pa malungo kameneka n'chizindikiro choti asidi wachuluka m'magazi, ndipo nthawi zambiri kamayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Mwana wotero si wodikira m'mawa.

Okisijeni m'magazi akatsika pansi pa 90%, mupatseni mpweya. Pa timachubu ta m'mphuno, khanda limalandira theka la lita mpaka lita imodzi pa mphindi, wosakwana chaka malita 1 mpaka 2, wamkulupo mpaka malita 4. Musanakweze mlingo, yang'anani kaye m'mphuno. Mamina ouma amatseka timachubu, ndipo mwana amaoneka ngati ali pa okisijeni pomwe sakulandira kanthu. Kachipangizo koyezera kakakhala pachala chozizira kapena mwana akamagwedezeka, nambala yake musaikhulupirire msanga. Kaikeni pachala chachikulu cha kuphazi, mudikire nambala ikhazikike.

Gwirani dzanja. Likakhala lozizira, dinikizani chikhadabo masekondi 5, musiye, muwerenge kuti kufiira kubwerera pakatha masekondi angati. Kupitirira masekondi 3, pamodzi ndi mtima wogunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sakuzungulira bwino, itanani dokotala. Pomwepo tembenuzani chikhatho muchiyerekeze ndi cha mayi ake, mutsitsenso chikope cha m'munsi. Chikhatho choyera mbuu chikutanthauza kuti PCV iyezedwe usiku womwewo, ngakhale ya m'mawa inali yabwino, pakuti malungo amatha kuwononga magazi ambiri m'maola ochepa.

Tsopano kuzindikira kwa mwana. Muyeso womwe dziko lonse limagwiritsa ntchito pa ana a malungo unapangidwira mu mzinda uno kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, n'chifukwa chake umatchedwa Blantyre Coma Score. Uli ndi mbali zitatu ndipo zonse pamodzi ndi 5. Maso: ngati mwana akutsatira nkhope ya mayi ake ikamasuntha, lembani 1, ngati ayi, 0. Mawu: akalira bwinobwino atamva kuwawa, kapena akalankhula, 2, akangobuula kapena kulira modabwitsa, 1, akakhala duu, 0. Kusuntha: tikitani fupa la pakati pa chifuwa ndi mfundo za zala zanu, akabweretsa dzanja lake pamalopo kuti akuchotseni, 2. Akapanda kutero, dinikizani chikhadabo chake ndi pensulo yogoneka. Akathawitsa dzanja, 1. Akapanda kuyankha kapena akangoumitsa thupi, 0. Mwana wa malungo amene akukhala pa 2 kapena pansi, shuga wake atakonzedwa ndiponso patapita nthawi kuchokera pamene anaphupha, ameneyo ali ndi malungo a mu ubongo. Koma chofunika kwambiri usiku si nambala imodzi. Ndi kusintha kwake. Amene anali pa 4 nthawi ya 8 koloko n'kufika pa 3 nthawi ya 11 koloko akukuuzani kanthu, ndipo mungakamve pokhapokha ngati 4 ujayo analembedwa.

Kumbukiraninso kuti kupezeka ndi tizirombo ta malungo sikutanthauza kuti palibe matenda ena. Khosi louma, liwombo lofufuma, kapena mwana amene sakusintha ngakhale akulandira artesunate, uzani dokotala aganizire za matenda oumitsa khosi.

Shuga

Mwana aliyense amene wafooka mwadzidzidzi, wakomoka, waphupha, kapena watsika pa muyeso wa kuzindikira, muyezeni shuga musanachite china chilichonse chotenga nthawi. Shuga ndi wotsika akakhala pansi pa 2.5 mmol/L, kapena pansi pa 3 kwa mwana wonyentchera. Glucometer ina imawerenga mu mg/dL, pamenepo manambala ake ndi 45 ndi 54. Dziwani kuti yanu ikuwerenga motani. Timapepala tikatha, mwana wokomoka mumuthandize ngati shuga wake ndi wotsika.

Mlingo ndi 5 ml ya dextrose 10% pa kilogalamu iliyonse, kudzera mu mtsempha. Mukakhala ndi dextrose 50% yokha, musaibaye momwemo, imawotcha mtsempha. Sakanizani gawo limodzi ndi magawo anayi a madzi osungunulira mankhwala. Mwana wa 12 kg akufunika 60 ml: mu sirinji ya 20 ml kokani 4 ml ya dextrose 50% ndi 16 ml ya madzi, muchite zimenezi katatu. Kanyula ikamavuta kulowa, musataye mphindi 20 mukusaka mtsempha mwana ali wopanda shuga. Tengani sipuni yaing'ono yosasefukira ya shuga wa tiyi, munyowetse ndi timadontho ta madzi, muike kunsi kwa lilime, kwinaku mukupitiriza kusaka mtsempha. Yezaninso pakatha mphindi 30. Cholakwika chofala apa n'chakuti shuga akakwera, aliyense amapuma n'kuiwala. Adzatsikanso ngati mwana sakudya, choncho akonzeredwe chakudya cha pachubu kapena diripi yokhala ndi dextrose. Mwana amene ali pa quinine mumuyeze shuga pafupipafupi, chifukwa mankhwalawo amatsitsa shuga.

Kusakaniza artesunate

Nthawi zake ndi pa ola loyamba, pakatha maola 12, pakatha maola 24, kenako kamodzi pa tsiku mpaka mwana atayamba kumwa. Mlingo wa maola 12 nthawi zambiri umagwera usiku, pa nthawi yosagwirizana ndi nthawi yogawa mankhwala ena, ndiye umaiwalika. Polandira lipoti paja lembani papepala lanu dzina la mwana aliyense ndi ola lake.

Wosakwana 20 kg amalandira 3 mg pa kilogalamu. Wa 20 kg kapena kupitirira, 2.4 mg pa kilogalamu. Muyezeni pasikelo, musamangoyerekeza ndi maso. Mu botolo la 60 mg thirani 1 ml ya sodium bicarbonate, mugwedeze mpaka ufa wonse usungunuke. Poyamba madziwo amachita mbuu, kenako amayera ngati madzi akumwa. Akapanda kuyera, tayani botololo. Pokhapo ndiye muwonjezere normal saline kapena dextrose 5%, osati madzi osungunulira mankhwala: 5 ml ngati mubaya mu mtsempha, kuti 1 ml ikhale ndi 10 mg, 2 ml ngati mubaya mu mnofu, kuti 1 ml ikhale ndi 20 mg. Mukathira saline ufa usanasungunuke mu bicarbonate, mankhwala sasungunuka bwino ndipo mwana salandira mlingo wake.

Mwana wa 12 kg akufunika 36 mg, yomwe mu mtsempha ndi 3.6 ml, matchati ambiri amakwezera pa 4 ml, tsatirani ya pawodi panu. Wa 25 kg akufunika 60 mg, botolo lonse, 6 ml. Kankhani pang'onopang'ono, mutsuke kanyula ndi saline musanabaye ndiponso mukatha. Wa mu mnofu amabayidwa kutsogolo kwa ntchafu. Mankhwala osakaniza kale sayenera kupitirira ola limodzi, choncho otsala musawasungire mlingo wotsatira. Mwana akatsiriza milingo itatu ija ndipo akutha kumwa, amayamba LA wa masiku atatu, milingo yonse 6, ndi chakudya kapena mkaka kuti mankhwala alowe bwino m'thupi. Amayi ena amaona ngati jakisoni wathetsa zonse. Afotokozereni kuti jakisoni wangopulumutsa moyo, LA ndiye womaliza tizirombo.

Mwana akaphupha

Yang'anani wotchi. Mugonekeni chammbali, mupukute kapena kukoka malovu, mumuike pa okisijeni, muyeze shuga. Musalole sipuni, chala kapena nsalu kulowa m'kamwa mwake, ndipo mayi muwauze mofatsa chifukwa chake. Kuphupha kukafika mphindi 5, perekani diazepam. Njira yachangu ndi ya kumatako: 0.5 mg pa kilogalamu, yomwe pa botolo la 10 mg mu 2 ml ndi 0.1 ml pa kilogalamu. Wa 12 kg ndi 1.2 ml. Kokani mu sirinji yaing'ono, chotsani singano, lowetsani masentimita 4 mpaka 5, kankhani, kenako gwirani matako pamodzi kwa mphindi zingapo kuti mankhwala asabwerere. Akapitiriza pakatha mphindi 10, mlingo wachiwiri; osapitirira iwiri, chifukwa diazepam amafoola kupuma. Ambu bag ikhale pabedi pomwepo, ndipo dokotala akhale ataitanidwa kale kuti alembe mankhwala otsatira monga phenobarbitone. Khanda la masiku ochepa silipatsidwa diazepam.

Pali kuphupha kwina kobisika, ndipo n'kofala pa malungo a mu ubongo. Thupi siligwedezeka. Mumangoona maso atapotokera mbali imodzi, kachala kamodzi kapena ngodya ya mlomo ikunjenjemera, malovu akutuluka, kapumidwe kakudukiza. Ndi tochi yokha ndi kuwerama pafupi mungakuone. Mwana wokomoka aliyense muzimuyang'ana nkhope ndi zala nthawi iliyonse mukadutsa, muzimutembenuza pakatha maola awiri alionse, ndipo asapatsidwe kanthu pakamwa. Agogo achifundo amatha kumudonthezera phala kapena madzi, n'kulowa m'mapapo. Thupi likatentha kwambiri, paracetamol ndi 15 mg pa kilogalamu, pakatha maola 6 alionse, ndipo muchepetse zofunda.

Diripi: kuwerengetsa madontho

Botolo la 500 ml likathamangira lonse mwa mwana wa 8 kg lingathe kumupha. Izi zimachitika mosavuta: dzanja linali lopinda, diripi ikuyenda movutika, wina n'kutsegula kagudumu, mwana n'kuwongola dzanja ali m'tulo. N'chifukwa chake mwana wamng'ono amafunika burette, kabotolo koyezera madzi ka pa chubu cha diripi, ndipo muzithiramo madzi a ola limodzi kapena awiri okha. Burette ikasowa, matani pulasitala m'mbali mwa botolo, mulembe pomwe madzi ayenera kufika ola lililonse. Dzanja limangeni pakathabwa kuti lisapinde.

Madzi a tsiku ndi tsiku amawerengedwa motere: 4 ml pa kilogalamu pa ola pa makilogalamu 10 oyamba, 2 ml pa makilogalamu 10 otsatira, 1 ml pa otsala. Wa 12 kg ndi 40 kuphatikiza 4, yonse 44 ml pa ola. Werengani papepala la seti kuti madontho angati amapanga 1 ml. Pa burette ya madontho 60, madontho a pa mphindi amafanana ndi ml za pa ola, ndiye 44. Pa seti ya madontho 20, gawani ml za pa ola ndi 3, ndiye pafupifupi 15 pa mphindi. Werengani ndi wotchi kwa mphindi yathunthu, mubwerezenso mukadutsa.

Mwana wotsekula m'mimba amene madzi atha kwambiri m'thupi, maso atalowa, khungu la pamimba likubwerera mochedwa kwambiri, akulephera kumwa, ameneyo ndi wosiyana. Amalandira Ringer's lactate 100 ml pa kilogalamu. Wosakwana chaka, 30 ml pa kilogalamu mu ola limodzi, kenako 70 mu maola 5. Wopitirira chaka, 30 mu mphindi 30, kenako 70 mu maola awiri ndi theka. Amene anagwira ntchito nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ndondomekoyi amaidziwa pamtima. Koma musaitengere kwa mwana wa malungo amene sakutsekula m'mimba. Kafukufuku wa FEAST, yemwe anachitikira ku Uganda, Kenya ndi Tanzania n'kutuluka mu 2011, anapeza kuti kuthamangitsira madzi ambiri mwa ana otentha thupi otere kumachulukitsa imfa. Zizindikiro zoti madzi achuluka ndi zikope zotupa, kapumidwe kokwera, mtima wothamanga kuposa kale, ndi chifuwa chomwe chayamba phokoso. Chepetsani diripi, muitane dokotala.

Kanyula iyang'aneni pansi pa pulasitala, osati pamwamba pokha. Kutupa, kuzizira kwa khungu, kufiira, kapena mwana kulira mukamakankha saline, ichotseni. Ceftriaxone asadutse mu chubu chimodzi ndi Ringer's lactate. Tsukani kaye ndi saline.

Kuika magazi

Mwana amaikidwa magazi Hb (hemoglobini, muyeso winanso wa kuchuluka kwa magazi) ikakhala pansi pa 4, kapena PCV pansi pa 12, ndiponso Hb ikakhala pakati pa 4 ndi 6 koma akubanika, akupuma mozama kapena wakomoka. Magazi athunthu ndi 20 ml pa kilogalamu, maselo ofiira olekanitsidwa kale ndi 10 ml pa kilogalamu, kwa maola 3 mpaka 4. Musatume munthu kukatenga thumba musanatsimikize kuti kanyula ikuyenda, pakuti magazi akatuluka mu firiji ayenera kuyamba mkati mwa mphindi 30 ndi kutha mkati mwa maola 4. Anthu awiri afananitse pabedi dzina la mwana, gulu la magazi, nambala ya thumba ndi tsiku lothera. Mu wodi imodzi mumatha kukhala a Chisomo atatu, choncho funsani mayi atchule okha dzina lonse la mwana. Musatenthetse thumba m'madzi otentha.

Wa 12 kg alandira 240 ml ya magazi athunthu. Pa maola 4 ndi 60 ml pa ola, madontho 20 pa mphindi ngati seti ndi ya 20, kapena 15 ngati ndi ya 15. Thumba likakhala lalikulu kuposa mlingo wa mwana, lembani mzere pomwe muyenera kuimitsa. Lembani kutentha, kapumidwe ndi kugunda kwa mtima musanayambe. Mphindi 15 zoyamba khalani pomwepo, chifukwa magazi osagwirizana amadzionetsa msanga. Kenako muziyeza pakatha mphindi 30 zilizonse. Kunjenjemera, kutentha kokwera mwadzidzidzi, zidzolo, kubanika, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka: imitsani magazi, ikani seti yatsopano ndi normal saline, itanani dokotala, thumba libwerere ku labu. Mu chubu cha magazi simudutsa mankhwala, dextrose kapena Ringer's.

Mwana wonyentchera

Uyu malamulo ake ndi ena. Mtima wake ndi wofooka, ndiye ndondomeko ya madzi ambiri ija si yake. Amapatsidwa ReSoMal, madzi obwezeretsa madzi m'thupi a ana onyentchera, pakamwa pang'onopang'ono, 5 ml pa kilogalamu pakatha mphindi 30 zilizonse kwa maola awiri oyamba, ndipo diripi ndi ya pokhapokha magazi sakuzungulira bwino ndipo wafooka kwambiri kapena wakomoka. Zomwe zimamupha usiku ndi kuzizira ndi shuga wotsika. Mkaka wa F-75 uperekedwe maola awiri kapena atatu alionse, wa pakati pa usiku womwe. Mudzutseni mayi, muime pomwepo mpaka kapu ithe, mulembe zomwe wamwa ndi zomwe wasanza. Kutentha kwa m'khwapa kukatsika pansi pa 35, mwana agone pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, avale chipewa, afundidwe onse awiri, zenera la pafupi litsekedwe, thewera lonyowa lisinthidwe msanga, ndipo adyetsedwe nthawi yomweyo. Kuzizira kotere kumathanso kukhala chizindikiro cha matenda a m'magazi, choncho dokotala adziwe.

Pakati pa usiku ndi m'mbandakucha

Kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka tambala woyamba, wodi imakhala zii, amayi onse agona, inunso mutu walemera. Iyi ndiyo nthawi yozungulira ndi tochi bedi lililonse, osati a pafupi ndi desiki okha. Vundukulani zofunda. Mwana wofundidwa mutu womwe simungadziwe ngati wagona kapena wakomoka mpaka mutamugwira. Ngati muli awiri, pumani mosinthana, wodi isatsale yopanda namwino, ndipo mlingo uliwonse wowerengetsa pa nthawi imeneyi mnzanu awerengetsenso payekha. Idyani kanthu, imwani madzi.

Magetsi akathima, concentrator imaima pomwepo. Musadikire jenereta. Pitani kwa ana a okisijeni, muyambe ndi amene anali wotsikitsitsa, muwalumikize ku silinda. Magetsi akabwera onani kuti makina onse ayakadi.

Mukadzibaya ndi singano yogwiritsa kale ntchito, sambani ndi sopo pamadzi oyenda, musafinye bala, dziwitsani wamkulu wa usikuwo, muyambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV, m'maola oyambirira omwewo. Malire ake ndi maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Singano isabwezeredwe chivundikiro, ipite m'bokosi lake. Magazi akatayikira pansi, thiranipo klorini wa 0.5%, kuchokera ku JIK wa 3.5% ndi gawo limodzi ku magawo 6 a madzi.

Poitana dokotala, manambala akhale m'manja. Kunena kuti "mwana wa pabedi 7 sakuoneka bwino" kumachedwetsa thandizo. Nenani chonchi: "Adokotala, ndi mwana wa zaka ziwiri, 12 kg, wa malungo. 8 koloko amapuma 38, pano 56, mozama. Muyeso wa kuzindikira watsika kuchoka pa 4 kufika pa 3. Shuga 4.1, okisijeni 93, zikhatho zayera. Ndatumiza PCV. Ndikupempha mubwere mudzamuone tsopano." Lembani nthawi yomwe mwaimba. Akachedwa imbaninso, kapena imbirani wamkulu wake. Ndipo inu amene mwangoyamba kumene, chomwe simukuchidziwa funsani, ngakhale kwa attendant amene wakhalitsa mu wodimo. Safunsa anadya phula.

Mwana akamwalira, mayi atengereni pambali, mukhale nawo pansi, muwauze ndi mawu omveka, osazungulira. Pemphani mayi wina wachikulire akhale nawo, muwathandize kuimbira achibale. Mukatha kulemba nthawi ndi zonse zomwe zachitika, bwererani mukazungulire wodi yonse, chifukwa pamene munali pabedi limodzi kwa ola lathunthu, ana enawo sanaonedwe.

Kukacha

Cha m'ma 5 koloko yezaninso ana onse ovuta, muphatikize madzi omwe alowa ndi omwe atuluka, mufunse mayi aliyense kuti mwana wakodza kangati. Amene sanakodze usiku wonse atchulidwe mu lipoti. Bwezeretsani pathireyi zonse zomwe mwagwiritsa ntchito, zomwe zatha muzilembe kuti zikaitanitsidwe ku famase m'mawa womwewo. Mlingo womwe sunaperekedwe musausainire. Lembani kuti sunaperekedwe ndi chifukwa chake, kuti a masana akonzenso maola otsatira. Lipoti muperekere pabedi monga munalandirira, kuyambira ana amene asintha usiku, ndipo pa aliyense mutchule nambala ya madzulo, nambala ya m'mawa, ndi ola la artesunate wotsatira.